Makoyilo Ofiira

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Muli bwanji inu, ana, amayi ndi apongozi? Ine kuno mpweya ulipo, ndikudzuka. Ndakhala chete miyezi itatu osati chifukwa chokuiwalani, koma munthu wopanda ntchito alembe chiyani? Pafoni paja ndimangoti tili bwino chifukwa ndimadziwa kuti alamu anga amakhala atatchera khutu pambali panu, poti foniyo ndi yawo. Kalata imakhala ya anthu awiri. Iyi ndapatsira adalaivala a basi aja, pamodzi ndi kangachepe m'envulopu.

Ntchito ndaipeza, ino ndi sabata yachitatu. Ndi galaja ina kuseri kwa malo ogulitsira matayala, shedi yaitali ya malata yokhala ndi maenje awiri okonzerapo. Simulowa maminibasi kapena malole ngati amene ndinkalimbana nawo kwathu. Mumalowa timagalimoto tatifupi ta anthu olemera, ta mpikisano, tokhala ndi tebo. Tebo ndi chitsulo chozungulira ngati nkhono, chimene chimakankhira mpweya mu injini mokakamiza, ngati mmene inu mumauzirira pamoto nkhuni zikakhala zaziwisi. Chikagwira ntchito chimatentha mpaka kufiira.

Bwana wathu ndi munthu wamfupi, wosaseka. Anzanga amawatcha a Mawa, chifukwa chilichonse ukawapempha yankho lake ndi lomwelo.

Tsopano khalani pansi mumve zimene ndakhala ndikukubisirani. Chitupa changa chokhalira kuno chinatha mu Disembala. Ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'sitolo kukafunsa mitengo ya zinthu zimene sindingagule. A Mawa ati adzandilembera kalata ya ntchito yoti ndikakonzetsere chitupacho, koma ndiyambe ndaonetsa kuti ndine ndani. Mayeso anga ndi galimoto yoyera ya dokotala wina wa mano, imene ikathamange pa mpikisano pa 26 Epulo. Ikamayenda pang'onopang'ono ilibe chilema, koma ukangoiponda kuti tebo igwire, imatsokomola ngati nkhalamba yosuta. Amakaniko atatu yawakanika.

Ine ndinaimvetsera kamodzi kokha. Ndinati, "Bwana, tebo ikauzira mwamphamvu, moto wa pulagi ukuzima ngati machesi pamphepo. Makoyilo ake ndi ofooka, tiike amphamvu."

Koyilo, amake ana, ndi kamene kamatenga magetsi ochepa a batire n'kuwasandutsa mphezi yaing'ono yoyatsira petulo. Magalimoto a kwathu aja amakhala ndi imodzi, awa pulagi iliyonse ili ndi yakeyake. A Mawa anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Chabwino. Ukalakwitsa, geti ndi ilo."

Ndiye moyo wathu wonse uli pa galimoto ya munthu wozula mano. Musaseke.

Ndalamazo mugule malata asanu ndi limodzi, mukasunge m'nyumba mwa amayi, osati mwa alamu. Zotsala mumulipirire chisamba wathu mayeso. Mzime wathu chifuwa chija chinasiya? Mundipempherere, chifukwa ndikalephera apa sindikudziwa kolowera.

Ndine mwamuna wanu.

16 Malichi

Okondedwa amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mizere. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti mwendo wa amayi waphwa. Ine ndili bwino, kungoti lamba ndaboola bowo lina. Buledi wakweranso mtengo, ndipo mwini nyumba akuti madzi azitseguka m'mawa mokha.

Mwafunsa kuti ndikugona kuti. Ndi kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu yochapira zovala, windo lake loyang'ana khoma la eni. Tilimo awiri ndi mnzanga wowotcherera zitsulo, a Magalasi. Dzinalo analipata chifukwa magalasi awo owotcherera sachoka pachipumi, ngakhale podya. Ndi munthu wabwino, koma mkonono wawo ndi wa jenereta yopanda sailensa.

Makoyilo afika Lachitatu. Anayi, ofiira psuu, iliyonse m'kabokosi kake ngati mazira a mfumukazi. Mtengo wa imodzi ndi mbuzi ziwiri ndi ana ake. Nditawagwira ndinangoganiza kuti ndanyamula khola lonse la apongozi. Adokotala a mano anabwera kudzawaona. Ndi munthu wamtali, wa manja ofewa ngati a khanda, amasisita galimoto yawo pamsana n'kumaifunsa kuti yagona bwanji. Ine amangonditcha "makaniko", koma amandipatsa ulemu.

Ntchito siyophweka. Makoyilo atsopanowa pakamwa pawo pasiyana ndi mawaya a galimotoyo, ndiye ndiyenera kudula waya uliwonse n'kulumikiza mitu ina. Mawaya ake ndi khumi ndi asanu ndi umodzi, opyapyala ngati ulusi. Ukasemphanitsa umodzi, ubongo wa galimoto wapsa. Apa mpamene zala zanga zija mumazinena kuti sizitha kusenda mbatata zikundidyetsa.

M'galajamu muli kamakina koyezera, koti ukalumikiza ku galimoto kamakuuza koyilo imene ikudwala. Koma a Mawa amakatsekera mu ofesi, makiyi m'thumba, iwo n'kumayenda tsiku lonse. Ine sindidikira. Ndimachita zimene malemu amalume anandiphunzitsa: injini ikulira, uzule koyilo imodziimodzi ndi dzanja, uzimvetsera. Imene ukaizula injini osasintha kulira, ndiye wakubayo. Mkulu wina wokonza magiyabokosi anandipeza ndikuchita zimenezi pa galimoto ina.

"Achimwene," anatero, "musadzayerekeze pa ofiira aja. Aja si makoyilo a kumudzi kwanu."

Ndinati, "Akulu, ine shoko yandimenya kuyambira ndisanamere ndevu. Amalume ankati makaniko woopa shoko akagulitse tomato."

Anangopukusa mutu n'kubwerera m'dzenje mwawo. Anthu a kuno popanda kamakina sadziwa ngakhale kumene kuli mphuno yawo.

Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni. Mnzathu wina womata matayala, nayenso wopanda chitupa, anagwetsedwa ndi jeke sabata yatha. Anamutengera kuchipatala, mpaka lero sanabwerere. Ena akuti anamufunsa mapepala ali pabedi n'kumukweza basi, ena akuti ali kwa m'bale wake. Palibe akufuna kukafunsa. Tizisiye zimenezo.

Mwati alamu akufuna kubwereka malata awiri akafolere khola la nkhunda. Muwauze kuti ine ndakana, mlandu ukhale wanga. Mwana wathu wamkuluyo musamamutume kumsika masiku ano, aziwerenga. Mmisiri wa denga adikire kaye mpaka Epulo athe. Ndikangolandira kalata ya a Mawa ndidzayenda pakati pa msewu ngati munthu.

Ndine wanu yemwe uja.

6 Epulo

Amake ana,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndapsa pang'ono padzanja lamanja, ndiye cholembera ndachipana ndi zala ziwiri.

Zinachitika Lachinayi. Makoyilo ndinamaliza kuika, tinakaithamangitsa galimoto kumsewu wa kumafakitale. Yasintha, amake ana, ikukoka ngati yaona mdani, koma pamwamba penipeni inali ikuphonyabe kamodzikamodzi. Tinabwerera tebo itafiira. A Mawa kunalibe, ofesi yokiya. Adokotala anali ataima pamenepo akuyang'ana wotchi, odwala mano akuwadikira. Foni yawo italira anatuluka panja, ine ndinati ndithane nazo asanabwerere.

Injini ikulira, ndinazula koyilo yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, bwinobwino. Yachitatu inandiluma. Shoko ndimaidziwa, koma iyi sinali shoko, inali bulu. Mkono unadziponya wokha n'kukagwera pa tebo, ndiye mkono wa ovolosi unakodwa pa kachitsulo komangira paipi. Ndinakoka, osachoka. Ndinakokanso. Kachitatu ndiye nsalu inang'ambika. Sindinakuwe. Mpaka pano ndikudabwa kuti sindinakuwe.

Palibe anaona. Ndinapita kuseri kwa shedi, ndinathirapo mafuta a mabuleki monga timachitira amakaniko tikadzicheka, n'kukulunga kansalu ndi tepi yakuda ya mawaya, pamwamba golovesi. Adokotala pobwerera anandipeza ndaima pa boneti.

"Makaniko, thukuta lonseli?"

"Kwatentha, adokotala."

Koma wakuba ndinamugwira. Koyilo yachitatuyo inabwera ndi mphira wong'aluka kuchokera m'bokosi, moto umathawira pambali. A Mawa aitanitsa ina. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Uli ndi khutu." Chiyambireni ntchito ndi mawu abwino oyamba kutuluka pakamwa pawo.

Ndikudziwa zimene munene. Koma taganizani. A Mawa akaona dzanjali ati pita ukapume, ndipo kuno kupuma ndi kuchotsedwa ntchito. Pageti pamaima amuna asanu tsiku lililonse, masipanala m'manja, kudikira kuti wina apunthwe. Kuchipatala nakonso mukudziwa zimene zinamuchitikira womata matayala uja. Kwatsala masiku makumi awiri okha. Chilonda chidikira, mpikisano sudikira.

A Magalasi akundimanga madzulo aliwonse tikaweruka. Akuti pakhatho pali poyera ngati pepala, pamenepo sipakuwawa n'komwe. Pakuwawa ndi m'mbali.

Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Ana muwauze kuti bambo akukonza galimoto yothamanga kuposa ndege. Ndatumiza zochepa, mugule nsapato za mzime wathu, zokulirapo kuti akule nazo.

Mwamuna wanu.

20 Epulo

Amake ana,

Moni. Kaya inu, ine sindinama, thupi silili bwino.

Pafoni Lachisanu ndinakukalipirani, mundikhululukire. Munalira kuti pitani kuchipatala, alamu akumva, tsopano mudzi wonse udziwa. Ndinadula foni chifukwa mawu anandithera, osati mayunitsi. Mukuti bwererani, tidzadya zomwezo. Tidzadya chiyani? Nyumba ili pamtunda yopanda denga, mwana akulemba mayeso, amayi akufuna mankhwala mwezi uliwonse. Ndibwere ndi chikwama cha zovala zakuda, anthu aziti uja anapita kukaona magetsi a m'tauni? Walira mvula walira matope, ndinasankha ndekha.

Dzanja latupa mpaka golovesi ija inakana. Ndagula zikuluzikulu za mphira, zotsukira zimbudzi, ndikuvala manja onse kuti zisaoneke zachilendo. Anzanga akuseka kuti ndayamba unamwino. Thupi limatentha, kenako kuzizidwa dzuwa lili pamutu. Mabatani a buluku akundimanga ndi a Magalasi, munthu wamkulu ndevu pepeya. Ndikumwa mapilitsi a mutu anayianayi, n'chifukwa chake envulopu ino yapepuka.

Koma pali chabwino. Zala ziwiri zakumapeto zasiya kuwawa, ngakhale kuzitsina. Zada pang'ono, koma ndikuganiza kuti ndiko kupola kwake. A Magalasi akamamasula nsalu amatembenuzira nkhope kuwindo. Dzulo anati, "Achimwene, tiyeni." Ndinati Loweruka likadutsa ndidzapita ndekha, ngakhale wapansi.

Koyilo ina ija yafika, ndaiika ndi lamanzere. Chatsala n'kuchepetsa mpata wa mapulagi. Kunsonga kwa pulagi kuli kampata kamene moto umadumpha, ndiye pa injini ya tebo kayenera kukhala kakang'ono, kosapitirira kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo onse anayi afanane ndendende. Ntchito imeneyi ndinkaichita ndikucheza. Lachitatu ndinaswa mapulagi awiri, lamanzere silidziwa kuti pang'ono ndi chiyani. A Mawa anatola zidutswa pansi.

"Iwe, dzanja lakolo lili ndi chiyani? Bwanji ukuligwira ngati mwana wakhanda?"

"Ndi nyamakazi, bwana, imandiyamba kukamazizira."

"Nyamakazi pa msinkhu wakowo? Lachinayi galimoto ituluke, apo ayi utuluke ndiwe."

Ndinalowa m'dzenje ngati ndikukayang'ana pansi pa galimoto, ndinakhala pa sitepe n'kulira. Inde, ndinalira, lembani penapake. Mkulu wa magiyabokosi uja anandiona, anangondiikira tiyi m'mphepete mwa dzenje. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ndadziwakaleyo ndi mwamuna wanu.

Ndikuopa, amake ana. Ndikuopa a Mawa, ndikuopa apolisi, ndipo ndikuopa kuyang'ana pansi pa nsaluyi. Masiku asanu ndi limodzi okha. Mupite kwa abusa, musawauze zambiri, mungoti munthu wathu ali paulendo wovuta. Ana muwapsompsone. Sinditha kupitiriza, cholembera chikugwa.

Wanu.

4 Meyi

Alamu,

Simundidziwa. Ndine wowotcherera zitsulo amene ndimagona chipinda chimodzi ndi amuna anu, kuno amanditcha Magalasi. Ndikupatsani moni pamodzi ndi ana. Ine kulemba si ntchito yanga, ndiye ndingonena molunjika.

Amuna anu ali moyo. Ali m'chipatala lero tsiku la khumi ndi limodzi. Kutentha thupi kwatsika, dzulo adya phala mbale yonse n'kundinena kuti ndimawasowetsa tulo ndi mkonono, ndiye kuti mutu uli bwino.

Nkhani inayenda chonchi, monga andiuzira iwo ndi adokotala a mano. Mapulagi aja anawamaliza Lachitatu, pulagi ataipana ndi mawondo. Lachinayi anakwera ndi adokotala kukayesa galimoto komaliza, mawindo otseka chifukwa cha liwiro. Akuti galimoto inauluka, osatsokomola ngakhale kamodzi. Adokotala ankamenya chiwongolero ndi chimwemwe. Kenako anachepetsa liwiro n'kuyamba kununkhiza.

"Makaniko, muno mwafera khoswe?"

Amuna anu anati kapena ndi mphira wapsa. Adokotala anaimika galimoto pambali pa msewu. Anati, "Ine fungo ili ndimalidziwa, ndimakumana nalo m'kamwa mwa anthu. Iyi ndi nyama yowola. Vulani golovesiyo."

Amuna anu anakana. Anawapempha, alamu, munthu wamkulu kupempha ngati mwana, kuti adikire Loweruka, kuti asawauze bwana, kuti alibe chitupa. Adokotala anakiya zitseko n'kuyendetsa galimoto ya mpikisanoyo mpaka pakhomo la chipatala. Atadula golovesi ndi lumo, namwino mmodzi anathamanga kukaitana akuluakulu. Tsiku lomwelo analowa nawo kochitira opaleshoni. Dokotala wake anati poizoni anali atafika m'chigongono, akanachedwa masiku awiri bwenzi tikukamba za bokosi.

Za chitupa anafunsa tsiku lachitatu. Kalaliki analemba m'buku kuti chinatha, n'kupita bedi lina. Basi. Palibe wapolisi anabwera. Amuna anu atamva zimenezi anafunda bulangeti kumutu mpaka madzulo.

Ine ndili ndi mlandu kwa inu. Masabata atatu ndine ndinkathira mafuta a mabuleki pachilondacho, ndine ndinkamanga tepi. Ifenso owotcherera timatero tikapsa, ndipo timapola. Dokotala atamva anandifunsa ngati munthu ndi galimoto. Anati tsiku loyamba lija ikanakhala nkhani ya mankhwala opaka ndi bandeji. Fungo ndinalimva ine poyamba, ndinkagona nalo, koma ndinamvera iwo m'malo mowanyamula. Akulu amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, ine n'kungotsegula windo. Mundikhululukire ngati mungathe.

Za dzanja lenilenilo andiletsa kunena, akuti adzakuuzani okha. Pafoni musawakakamize.

Galimoto ija Loweruka inapambana. Adokotala anabwera ndi chikho kuchipatala kudzawaonetsa, koma atafika pakhomo la wodi anachisiya pabenchi panja, analowa chimanjamanja. Akubwera tsiku lililonse ndi zipatso.

M'envulopumu ndaikamo kanga kochepa, mugulire ana sopo. Zipangizo zawo ndakatenga kugalaja, zili pansi pa bedi, palibe chasowa.

Ndine mlamu wanu,
Magalasi.

1 Juni

Okondedwa amake ana,

Muli bwanji? Ana ali bwanji? Amayi? Ine ndatuluka, ndili kuchipinda. Kalata iyi ndayamba Lachisanu, ndikulemba ndi lamanzere, mzere umodzi n'kupuma. Zilembo zake ngati mwapalasa nkhuku, koma ndi zanga. A Magalasi anati andilembere, ndinakana. Izi munthu amanena yekha.

Dzanja lamanja kulibe. Analidula pamene ndinkamanga wotchi.

Ndalemba. Pafoni ndayesa katatu, nthawi zonse ndimathera kufunsa za mbuzi. Inu munkadziwa kuti ndikuzemba, munkangoti "tikudikira", ndipo mawu amenewo amandipweteka kuposa chilonda. M'mawa ndikadzuka zala zimandiyabwa, ndimapita kukakanda n'kupeza bulangeti. Dzulo kapu inagwa patebulo, ndinaiwakha ndi dzanja limene kulibe.

Ndinapita kugalaja Lachiwiri. Pamalo panga pali munthu wina, mmodzi mwa oima pageti aja. Kamakina koyezera tsopano kali pakhoma, aliyense akutenga. Pabwalo panali magalimoto atatu odikira makoyilo ofiira, eni ake anamva za chikho chija. A Mawa anandiitanira mu ofesi, anatulutsa kalata yodinda kale.

"Ine sindinama," anatero. "Nayi. Koma ndalemba kuti ndiwe wosesa, poti za magetsi sungathenso. Tsache limagwirika ndi dzanja limodzi."

Ndinathokoza, chifukwa ndinaleredwa. Ndili mu ofesimo, panja analiza galimoto ina yabuluu. Ndinati, "Bwana, iyo koyilo yachiwiri ikuphonya." Anatuma munthu ndi kamakina, anapeza yachiwiri. Tinangoyang'anana.

Ndaganiza masiku anayi. Malipiro a wosesa amathera pa lendi ndi buledi, kwa inu sikungafike ngakhale mtengo wa msomali. Ndingakhale kuno kungobisala kuti anthu a kwathu asandione. Ndabisala mokwanira, ndipo mwaona kumene kubisala kwandifikitsa. Munati bwererani pamene ndinali ndi manja awiri, ine ndinakudulirani foni. Ngati mawu aja akadalipo, ndikwera basi ya pa 14, adokotala a mano andigulira tikiti. Ngati mtima wanu wasintha, muwauze adalaivala, sindidzakuimbani mlandu. Munakwatiwa ndi makaniko.

Sindikudziwa kuti tidzadya chiyani. Khutu lilipo, mwina wina wa manja adzafuna khutu. Denga lidikire. Mwana asasiye sukulu, ngakhale zitavuta bwanji.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Ana muwauze ndisanafike, muwauze zonse, kuti mzime wathu asadzathawe pondiona. Akafuna kudzagwira, adzagwire, sipakuwawanso kwambiri.

Chachiwiri, mupite kwa apongozi ndi kwa amayi. Mukawauze kuti tsiku limenelo ndikadzagwada n'kuwapatsa moni ndi lamanzere, asadzaone ngati kuno ndaphunzirako chipongwe.

Ndine mwamuna wanu.